Zoyenera Kuchita Ngati M'mimba ndi Msana Zikupwetekabe Mutadwala Matenda a M'matumbo

Mabakiteriya monga Salmonella, Campylobacter ndi Shigella, amene amayambitsa matenda a m'matumbo, akatha m'thupi, matumbo amakhala adakali otupa mkati, ndipo n'chifukwa chake m'mimba mumapotokolabe kwa masabata angapo ngakhale kutsegula kutasiya. Msana nawo nthawi zambiri umawawa chifukwa minofu inatopa ndi kusanza komanso kugona nthawi yaitali.

Malizani mankhwala onse amene adokotala anakupatsani, imwani madzi ambiri, ndipo muzidya pang'ono koma pafupipafupi. Mkaka, mowa, khofi ndi zakudya zamafuta muyambe mwazisiya, makamaka mkaka, popeza matumbo ovulala amavutika kugaya shuga wake. Pochepetsa ululu, paracetamol ndi wabwino kuposa ibuprofen, amene amatha kuvulaza chifu ndi impso thupi likakhala lopanda madzi okwanira. Kansalu kotentha pang'ono koika pamsana kamathandizanso.

Pitani kuchipatala msanga mukaona magazi m'chimbudzi, thupi likatentha, mkodzo ukachepa, kapena mukamva ululu kumsana cham'munsi mwa nthiti, pamene pali impso. Mfundo za mafupa zikatupa kapena maso akafiira patapita sabata 1 mpaka 4 kuchokera pamene munadwala, imeneyo ingakhale nyamakazi yobwera chifukwa cha matenda omwewo, ndipo mufunika kukapimidwa.