Fyuzi ikapsa pa lole yakale, musathamangire kuikapo yaikulu

Ntchito ya fyuzi ndi kuteteza waya. Opanga galimoto amasankha kukula kwake poona kunenepa kwa waya wa mzere wa magetsi umene fyuziyo ikuteteza. Mukachotsa ya 10A (A ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi odutsa) n'kuikapo ya 30A, kapena mukamangapo kawaya ngati mmene ena amachitira, magetsi ochuluka adzadutsa mu waya wowonda, pulasitiki idzasungunuka, moto n'kuyambira kuseri kwa dashibodi komwe maso safika. Pa lole yakale ngoziyi ndi yaikulu, chifukwa khungu la mawaya linauma kale ndi kutentha kwa injini.

Bwezeranipo yofanana ndi imene yapsayo. Mafyuzi apulasitiki a miyendo iwiri amadziwika ndi mtundu wake: yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yobiriwira 30A. Agalasi aja nambala imalembedwa pa kachitsulo ka kumapeto. Yatsopanoyo ikapsanso pompo, dziwani kuti penapake waya wamoyo wakhudza chitsulo, zomwe amakaniko amati shoti.

Apa musawononge mafyuzi poyesayesa. Tengani babu la indiketa la 21W, mulumikize mawaya awiri, ndipo nsonga zake muzilowetse pomwe panali fyuzi. Ngati lole yanu ndi ya 24V, babu likhalenso la 24V. Zulani mababu ndi zipangizo zonse za mzerewo, kenako yatsani switchi yake. Babu lanu likawala kwambiri, shoti ilipo ndithu, koma waya sangapse chifukwa babulo likuchepetsa magetsi odutsa. Tsono wina aziyang'ana babu, inu muzigwedeza mtolo wa mawaya pang'onopang'ono kuchokera ku bokosi la mafyuzi. Pomwe babu laphethira kapena kuzima, vuto lili pomwepo. Yambani ndi malo okayikitsa: pabowo pomwe mawaya amachoka ku injini kulowa m'kati, makamaka ngati mphira wake unathothoka, m'mbali mwa chasisi kupita ku nyali zakumbuyo, pafupi ndi paipi ya utsi, ndi pa soketi ya ngolo. Mukaona tepi yakuda imene wina anakulunga kalekale, ivundukuleni. Mawaya opotedwa ndi manja amabisala mmenemo.

Si vuto lililonse ndi shoti. Nyali zikamawala mofooka, kapena mukaponda buleki indiketa n'kumayaka nayo, fyuzi ilibe mlandu. Kawirikawiri ndi waya wa earth, wobweza magetsi ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, umene wachita dzimbiri pomwe unamangidwa ku chitsulo. Masulani bawuti, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chinyezimire, mumange zolimba ndi kupakapo girizi pang'ono. Timano togwira fyuzi natonso timachita dzimbiri kapena kukhwepa, ndipo pamatentha mpaka bokosi kusungunuka fyuzi ili yabwinobwino.

Amene muli ndi mita yoyezera magetsi, batire ya 12V yodzaza bwino imaonetsa pafupifupi 12.6V injini itazima, ndipo injini ikamalira muone pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Pa lole ya 24V manambalawa achulukitseni kawiri. Mukapeza kuti galimoto yonse yafa koma batire ili bwino, onani fusible link, kawaya kapadera ka pafupi ndi batire kamene kamapsa kuti mtolo wonse upulumuke.

Musanadule kapena kulumikiza waya aliyense, chotsani kaye mutu wa negativi pa batire, ndipo pomaliza ntchito ukhale womaliza kubwezera. Zinthu zowonjezera monga nyali zapadera kapena wailesi musazipachike pa waya wa chinthu china. Mababu awiri a 55W pa 12V amakoka magetsi opitirira 9A, katundu amene waya wa nyali zazing'ono sangasenze. Akokereni waya wawowawo kudzera pa relay, kaswitchi koyatsidwa ndi magetsi ochepa kuti kadutsitse ochuluka, ndipo fyuzi yake ikhale pafupi ndi batire, chifukwa chigawo cha waya chapakati pa batire ndi fyuzi sichitetezedwa.