Mmene mungalowere m'maphunziro a chisinthiko cha zamoyo mukuchokera ku Kasungu

Mlimi wa ku Santhe akapopera mankhwala omwe aja anapha mbozi zaka zitatu zapitazo, koma chaka chino mbozi n'kumangodya chimanga ngati wazithira madzi, amati wagulitsidwa mankhwala achinyengo. Mwina n'zoona. Koma nthawi zina chimene chachitika n'chakuti mbozi zochepa zimene zinabadwa zopirira zinapulumuka, zinaswana, ndipo adzukulu awo ndiwo adzaza mundawo. Chimenechi ndicho chisinthiko cha zamoyo, ndipo phunziro lake m'mayunivesite amalitcha evolutionary biology.

Pamndandanda wa maphunziro a NCHE musatayepo nthawi kufunafuna dzina limenelo. Ambiri amalowera pa khomo la biology ku UNIMA ku Zomba, za nsomba kapena za mbewu ku LUANAR ku Bunda, kapena za nsomba ku Mzuni. Pa MSCE pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo Biology ndi Chemistry zikhale zolimba. Masamu musawanyoze. Ntchitoyi masiku ano ndi yowerengera kwambiri kuposa yothamangitsa agulugufe.

Pamene pagona nkhani ndi pa kafukufuku wa chaka chomaliza. Mphunzitsi wa kunja amene adzakutengeni pa masters adzayang'ana zimene munachita ndi manja anu, choncho funso lanu likhale laling'ono, lapafupi ndi kwanu, loti litha m'miyezi itatu. Mafunso otere ku Kasungu ndi ku Mchinji sasowa. M'nyanja ya Malawi muli mitundu yoposa 500 ya nsomba za gulu la mbuna ndi utaka, yomwe inachokera kwa kholo limodzi m'zaka pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo magulu a Richard Durbin ku Cambridge, Martin Genner ku Bristol ndi George Turner ku Bangor akhala akuifufuza. Kansomba kena ka gulu lomweli, Astatotilapia calliptera, kamakhala m'nyanja komanso m'mitsinje yothira m'nyanjamo. Bua amachokera ku Mchinji, n'kudutsa m'malire a Kasungu mpaka ku Nkhotakota. Kodi nsomba zakumtunda kwa Bua zikufanana thupi ndi zakumatsiriro? Funso limenelo mutha kuliyamba ndi rula, kamera ya foni ndi nsomba 30 pamalo alionse. Wosakonda madzi aone kaufiti m'minda ya chimanga, kashembe m'mphepete mwa paki ya Kasungu, kapena udzudzu wa Anopheles funestus umene ku Chikwawa unapezeka kuti supheka bwino ndi mankhwala a m'maneti.

Chilolezo chiyambe, zitsanzo pambuyo. M'paki simutengamo ngakhale tsamba popanda kalata ya nthambi ya Parks and Wildlife. Za nsomba n'za nthambi ya Fisheries. Kafukufuku yense amavomerezedwa ndi NCST, bungwe la boma loyang'anira za sayansi, kapena komiti ya yunivesite yanu. Kutumiza zitsanzo kunja kumafuna chilolezo china motsatira pangano la Nagoya, la maiko lokhudza kugawana phindu la zamoyo. Kumudzi kaonekereni kwa amfumu musanatsikire kumtsinje.

Tsopano kusunga zitsanzo, komwe ambiri amagwera. Pansomba dulani kachidutswa ka chipsepse kotalika mamilimita 5 kodzatengamo DNA (imene imasunga zotengera kwa makolo), kaikeni m'kachubu ka ethanol wa 95 peresenti kapena kuposa, ndipo ethanol achuluke kakhumi kuyerekeza ndi kanyamako. Pakapita tsiku limodzi mukhuthule n'kuthira watsopano, chifukwa madzi otuluka m'kanyama amamusungunula ndipo DNA imayamba kuola. Sipiriti wofiirira wa m'golosale ayi. Formalin, mankhwala oletsa kuola, amasunga thupi la nsomba bwino lomwe koma amaononga DNA, ndiye chipsepse chidulidwe nsomba isanalowe m'menemo. Lumo lipukuteni ndi ethanol mukamaliza nsomba iliyonse, apo ayi DNA ya ziwiri isakanikirana. Masamba ndi udzudzu zimaumitsidwa mu silica gel (timibulu toyamwa chinyezi) wochuluka kakhumi kuposa chitsanzocho. Akasintha mtundu ndiye kuti wakhuta chinyezi, muikemo wina. Nambala ya chitsanzo ilembedwe ndi pensulo pakapepala, chifukwa inki ya bolopeni kapena maka imafufutika ethanol akangodontha. Tsiku lomwelo lembani m'kope nambalayo, deti, malo a GPS a pafoni ndi nambala ya chithunzi. Machubu akhale pamthunzi, m'firiji ngati ilipo. Kachikwama kosiyidwa pampando wa minibasi mu Okutobala kafika ku Lilongwe katapsa kale.

Luso lachiwiri ndi kompyuta. Pulogalamu ya R, yowerengera zotsatira za kafukufuku, ndi yaulere, imagwira ngakhale pa laputopu yakale popanda intaneti mukaiika. MEGA ndi yaulerenso, ndipo ndiyo mungajambulire mtengo wa chibale cha zamoyo, chithunzi cha nthambi choonetsa mmene mitundu inachokera kwa kholo limodzi. Pa GenBank, nkhokwe ya DNA ya pa intaneti, tengani DNA ya mitundu 20 ya nsomba za m'nyanja yathu, muifananize, mujambule mtengowo, mulembe tsamba limodzi lofotokoza zimene mwaona. Mabandulo ochepa akwanira, koma tsambalo limalankhula kuposa mawu akuti "ndimakonda sayansi".

Za ndalama, mathumba olipirira maphunziro ndi monga Commonwealth, Beit Trust (ya a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha), DAAD, Mastercard Foundation ndi Gates Cambridge. Chevening imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri. Ku Ulaya kuli masters ya zaka ziwiri yotchedwa MEME, ya chisinthiko chokhachokha, yophunzitsidwa ku Groningen, Uppsala, Montpellier ndi Munich. Tropical Biology Association imachititsa maphunziro a kutchire a pafupifupi mwezi umodzi, ndipo Rufford imapereka tindalama ta kafukufuku wosamalira chilengedwe. Mathumba ambiri amatseka kulandira makalata pakati pa Okutobala ndi Januwale kwa ofuna kuyamba Seputembala wotsatira, ndiye pasipoti, transcript ndi makalata a aphunzitsi awiri zikhale m'manja pofika Ogasiti. Pa mayeso a Chingerezi a IELTS ambiri amafuna 6.5, ndipo zotsatira zake zimatha mphamvu pakapita zaka ziwiri. Musathamangire kulemba musanadziwe kumene mukufunsira.

Kalata yopita kwa mphunzitsi amene mukufuna kuti akuyang'anireni isapitirire mizere 12. Tchulani pepala lake limodzi la kafukufuku limene mwawerengadi ndi funso limene lakusiyirani, nenani zitsanzo zimene muli nazo, kuchuluka kwake, kumene zinatengedwa ndi chilolezo chake, kenaka thumba la ndalama limene mukufunsira. Ikanipo CV ya masamba awiri ndi tsamba lija lofotokoza mtengo wa chibale cha nsomba. Kalata imodzi yotumizidwa kwa anthu 40 imadziwika pamzere woyamba. Pakapita masabata awiri osayankhidwa, kumbutsani kamodzi, kenaka lemberani wina.