Kutsuka thabwa la makina akale a pinball popanda kuwononga penti

Pa makina akale a pinball, masewera omenya kampira pathabwa lotsetsereka lomwe lili pansi pa galasi, chimene ndimachiopa kwambiri ndi penti ya pathabwa pomwe kampira kamathamanga. Waya akaduka mumalumikiza, babu likapsa mumaika lina, koma zojambula zikangosupuka ndiye kuti zapita. Makina a makampani a Gottlieb, Bally ndi Williams a m'ma 1960 ndi 1970 thabwa lake ndi pulayiwudi yodindidwa inki, pamwamba pake pali vanishi wopyapyala basi. Chotetezera cholimba cha Diamond Plate a Williams anadzayamba kuika cha m'ma 1990, choncho akalewa amafuna dzanja lofewa.

Zulani kaye pulagi. Tsegulani kachitseko kakutsogolo, masulani chitsulo chopanira galasi, musolole galasilo pang'onopang'ono. Kampira katulutseni musanadzutse thabwa, apo ayi kagubuduka n'kuswa mapulasitiki. Jambulaninso zithunzi musanamasule kanthu, zidzakuthandizani pobwezeretsa.

Fumbi lichotseni ndi burashi yofewa, chifukwa mukalipukutira pomwepo limakala vanishi. Madzi asayandikire n'komwe. Amalowa m'timing'alu, thabwa n'kufufuma, penti n'kuyamba kung'ambika motsatira mizere ya mtengo. Ine ndimadontheza naphtha, mafuta osungunula litsiro, pakansalu kofewa, popeza alibe madzi ndipo amauma msanga. Koma amayaka moto, ndiye mazenera akhale otsegula, fodya kutali.

Potsala litsiro louma, makamaka timizere takuda tomwe kampira kamasiya pafupi ndi ma flipper (timikono tomenyera kampira), pakani polishi wa Novus 2 pang'ono pokha, mozunguliza. Yambani pamalo obisika, pansi pa pulasitiki. Apa m'pofunika maso: mukapukuta kangapo, tembenuzani nsalu muione. Ikada, ndi litsiro, pitirizani. Mukaonapo kufiira, chikasu kapena mtundu uliwonse wa chojambulacho, siyani pomwepo, mwafika papenti. Ena amakonda siponji ya Magic Eraser. Imayeretsadi, koma imadya vanishi ngati sandipepa, ndipo ine pa makina akale sindiikhudza. Bola kabanga katsale, penti ili yonse.

Thabwa likayera, pakani phula la carnauba mopyapyala, lisiyeni liume mpaka lichite mbuu, kenako pukutani ndi nsalu ina youma. Bwerezani kachiwiri. Polishi wopopera pamipando musamuyerekeze, ambiri ali ndi silikoni yemwe amadzakanitsa penti kapena vanishi watsopano kugwira.

Ntchito yonseyi ingapite pachabe mukabwezera kampira kakale. Kampirako ndi kachitsulo, pafupifupi mamilimita 27 kukula kwake, ndipo kakachita dzimbiri kapena timaenje ndi komwe kamapala penti. Kagubuduzeni m'manja pansi pa nyali. Mukaona kokalika, gulani katsopano, n'kotchipa. Mphira zouma zisintheninso, zimanyenyeka n'kudetsa thabwa. Mababu a nambala 47 satentha ngati a 44, sapinditsa mapulasitiki. Makinawo aikeni m'chipinda chouma chosawomba dzuwa, ndipo thabwa likayamba kuzilala, pakaninso phula.