Musalembe kuti "amatha" pomwe mukumuchitira ndinu

Nyengo ino makalata okana thandizo la ndalama za boma za anthu aulumali achuluka m'mabanja amene ali ndi ana akuluakulu aulumali wa ubongo, ana amene chibadwire amavutika kugwira zinthu m'mutu ndipo mpaka lero sangakhale okha. Makolo akandionetsa kalata yowakana, ndimapempha kuti andionetsenso zimene analemba pa fomu yopemphera ndalamazo. Pafupifupi nthawi zonse vuto limakhala limodzi lomwelo. Funso lakuti kodi amasamba yekha, alemba kuti amatha. Kuvala, amatha. Kudya, amatha. Kumwa mankhwala, amatha. Nanga ofesala amene mwanayo sanamuonepo, wangolandira pepala, aganiza chiyani? Aona munthu wodzidalira, basi n'kukana.

Komatu mutakhala pakhomopo m'mawa umodzi wokha mungaone zina. Mayi ndiye amatenthetsa madzi n'kuwayesa ndi dzanja, chifukwa mwanayo akhoza kudzithira owira osazindikira. Mayi yemweyo amaima pakhomo pa bafa n'kumamuuza kuti tsopano paka sopo, tsopano tsuka m'khwapa, usaiwale kumapazi. Zovala amamuyalira pabedi motsatira ndondomeko yovalira, apo ayi atuluka malaya ali chagada, kapena wavala juzi dzuwa likuswa mtengo. Mapiritsi amamuwerengera m'manja n'kudikira mpaka ameze. Ntchito imeneyi akugwira ndi anthu awiri, koma wachiwiriyo waichita zaka makumi awiri mpaka sakuionanso ngati ntchito. Pa fomu amalembapo munthu mmodzi yekha.

Makolo ambiri amaganiza kuti dzina la vutolo ndi lokwanira, kuti dokotala akangolemba Down syndrome kapena ulumali waukulu wa ubongo ndiye kuti zatheka. Ayi. Maofesi opereka ndalamazi amafuna kudziwa kuti vutolo likumulepheretsa kuchita chiyani, komanso kuti amafuna thandizo lochuluka bwanji. Taonani ndalama ya Personal Independence Payment ya ku England ndi Wales, imene boma limapatsa anthu aulumali ndipo inayamba mu 2013. Amayang'ana ntchito 10 za tsiku ndi tsiku, monga kukonza chakudya, kusamba, kulankhulana ndi anthu, kuwerenga ndi kusamala ndalama, kuphatikizapo ntchito 2 zokhudza kuyenda. Ntchito iliyonse ili ndi mapointi ake. Mapointi 8 amapatsa mlingo wamba wa ndalama, 12 mlingo wapamwamba. Lamulo lake limanena momveka kuti munthu amawerengedwa kuti amatha pokhapokha ngati akuchita chinthucho mosadziika pangozi, mochita bwino, mobwerezabwereza ngati pakufunika kutero, komanso osapitirira kuwirikiza kawiri nthawi imene munthu wina angatenge. Kukumbutsidwa kuli ndi mapointi. Kuyang'aniridwa kuli ndi mapointi. Ndiye mayi uja akalemba mawu amodzi akuti "amatha", wataya mapointi onsewo ndi dzanja lake lomwe. Mayiko ena amawerengera mosiyana, koma funso lakuseri ndi lomwelo: inu mutachokapo, chingachitike n'chiyani?

Chimene chimandiwawa n'chakuti cholakwikachi chimagwa pa nthawi yoipitsitsa, pamene mwana akuchoka pa thandizo la ana kulowa la akuluakulu. Ku England ndalama ya ana imatha akafika zaka 16 ndipo ayenera kupempha ya akuluakulu. Ku South Africa, ndalama imene SASSA, ofesi ya boma yopereka ndalama zothandizira anthu, imapatsa kholo losamalira mwana waulumali imatha mwanayo akakwanitsa zaka 18, ndipo ayenera kupempha mwatsopano ya anthu aulumali. Ku America, amene amalandira SSI, ndalama ya boma yothandizira anthu aulumali osauka, ali mwana amamuunikanso pa zaka 18 pogwiritsa ntchito malamulo a akuluakulu. Makolo amene alandira ndalama zaka zambiri amaganiza kuti ofesi ikumudziwa kale mwana wawo, ndiye amalemba mwachidule. Ofesi imawerenga fomu yatsopanoyo. Ikakana, ndalama imaduka, koma mwanayo akufunikabe kumusambitsa mawa lake, ndipo kholo silingapite kukagwira ntchito n'kumusiya yekha. Ku England zimafika poti ndalama ya wosamalirayo imadukanso, chifukwa imadalira kuti wosamaliridwayo akhale akulandira yake. Kenako mumayamba apilo, imene imatenga miyezi, ndipo kumeneko mumakalimbana ndi mawu anu omwe. Adzakufunsani kuti ngati sasamba yekha, munalembanji kuti amatha?

Ndatopa nawo mayankho akuti "sitifuna kumunyozetsa" ndi akuti "ifeyo sitidandaula". Kalekale ana otere ankabisidwa kuchipinda alendo akabwera. Zimenezo zinachepa, koma kubisako kwangosamukira pa pepala. Makolo amakhala zaka akuphunzitsa anthu kuti mwana wawo asamatchedwe chitsiru, amanyadira kanthu kalikonse kamene waphunzira, ndipo n'zoyenera kutero. Ndikumvetsa kuti kulemba tsamba lathunthu la zimene mwana wako sangathe kumapweteka mumtima. Koma fomu si malo onyadira. Mwanayo simukumuchotsera ulemu ponena kuti usiku amafuna womudzutsa kuti apite kuchimbudzi. Mukumupezera zimene zili zake. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, la mu 2006, pa ndime 28 limati anthu aulumali ali ndi ufulu wotetezedwa ndi boma pa zofunika za moyo, kuphatikizapo kuthandizidwa pa ndalama zimene ulumaliwo umadya. Kumeneku si kupemphetsa.

Bambo wina, mlimi wa khama, anapita ndi mnyamata wake wa zaka za m'ma 20 kokaunikidwa. Usiku wake anamumeta bwino, m'mawa anamuveka malaya ositidwa, m'njira akumuphunzitsa kupereka moni. Atalowa, wounikayo anafunsa mnyamatayo kuti, "Kodi umatha kuphika?" Iye anati eya. "Umapita wekha kukagula zinthu?" Eya. "Ndalama umazidziwa?" Eya, uku akumwetulira. Bamboyo anangokhala chete, chifukwa ankaona kuti kumudula mwana pamaso pa mlendo n'kumuchititsa manyazi. Zoona zake n'zakuti mnyamatayu amatsirira mbewu bwino kwambiri bambo ake akakhala pafupi, koma akamusiya amathira phando limodzi mpaka madzi kusefukira. Ndalama iliyonse amaitcha dzina limodzi, ndipo anasocherapo tsiku lathunthu pa njira imene wayendamo kuyambira ali mwana. Anawakana. Nditawafotokozera pamene panalakwika, bamboyo anakhala kaye phee, kenako anati, "Alangizi, ndiye kuti ndachita ngati mbozi zandidyera munda wonse, koma obwera kudzaona zowonongeka ndawatengera pangodya pamene pali mbewu zabwino." Ndinati, "Bambo, mwanena ndinu."

Eya wa mnyamata ujayu si bodza ayi. Anthu ambiri aulumali wa ubongo amavomera funso lililonse lofuna eya kapena ayi, makamaka wofunsayo akakhala mlendo wooneka waudindo. Amafuna kusangalatsa, kapena funsolo sanalimve koma aphunzira kuti eya amathetsa nkhani msanga. Mukamupatsa zinthu ziwiri kuti asankhe, nthawi zambiri amabwereza chomalizacho. Wounika wodziwa ntchito amazidziwa izi, koma si onse, ndipo nthawi yake imakhala yochepa. Inu amene mwakhala naye moyo wake wonse mukangoti zii, iye alemba zimene wamva.

Zoyenera kuchita n'zosavuta. Musanagwire fomu, tengani kope mulembe kwa sabata imodzi kapena ziwiri chilichonse chimene mwamuchitira, mwamukumbutsa kapena mwamuletsa, usiku womwe. Pa funso lililonse musasiyire pa "amatha", pitirizani kuti amatha ndikamuuza sitepe iliyonse, zimatenga nthawi yakuti, ndipo tsiku lina nditamusiya zinachitika zakuti. Lembani za tsiku wamba ndi tsiku loipa, n'kunena kuti masiku oipawo amabwera kangati. Osakokomeza, chifukwa akakupezani ndi bodza limodzi zoona zonse adzazikayikira. Malo akachepa onjezerani pepala lokhala ndi dzina lake. Kwa dokotala kapena mphunzitsi wake wakale pemphani kalata yonena zimene sangathe kuchita, osati dzina la vuto lokha, ndipo ionetsetseni deti, chifukwa SASSA, mwachitsanzo, imafuna lipoti la chipatala losapitirira miyezi 3. Pokaunikidwa lowani naye, ndipo akayankha eya pemphani mwaulemu kuti afotokoze mmene amachitira, kapena apatsidwe ndalama awerenge.

Kumbukiraninso kuti mwana akakula, kukhala kholo pakokha sikukupatsani mphamvu yomusainira. Ngati sangathe kuyendetsa nkhani zake, pemphani ofesiyo ikulembeni kukhala womuimirira ndi womulandirira ndalama, ndipo muzisunga malisiti a mmene mwazigwiritsira ntchito. Fomu ijambuleni musanatumize. Ngati anakukanani kale, yang'anani deti la pa kalatayo lero lomwe: ku England muli ndi mwezi umodzi wopempha kuti aunikenso, ku America masiku 60, ku South Africa masiku 90. Pemphani zifukwa zokanira molembedwa, ndipo muyankhe chimodzichimodzi kuchokera m'kope lija.