Kabuku ka m'thumba kayambe, penti abwere pambuyo: njira ya Robert Bateman

Achinyamata ambiri ofuna kujambula nyama ndi mbalame amayamba ndi mafunso a m'sitolo. Penti wabwino ndi uti? Burashi ndigule yamtundu wanji? Ine ndimawabweza kaye ndi funso langa: kodi sabata ino mwakhala pansi kangati, kabuku kali pabondo, n'kuyang'anitsitsa mbalame yamoyo mpaka itauluka? Amene sanayesepo zimenezi ayambe wasunga ndalama ya penti ija.

Njira imene ndikulangiza pano ndi yomwe inaumba Robert Bateman, mkulu wa ku Canada wodziwika ndi zithunzi za nyama zakuthengo. Anabadwa pa 24 May 1930 mumzinda wa Toronto, m'chigawo cha Ontario. Kuseri kwa nyumba ya makolo ake kunali chigwa chamitengo, chimodzi mwa zigwa zambiri zimene zinadula mzindawo, ndipo ubwana wake unathera kumeneko, akusuzumira mbalame ndi kuzijambula. Analowanso kagulu ka ana okonda zachilengedwe ka ku Royal Ontario Museum, nyumba yoonetserako zinthu zakale ndi zachilengedwe ya mumzindawo. Atasinkhuka ankagwira ntchito nthawi ya tchuthi pamsasa wa akatswiri ofufuza za nyama m'nkhalango ya Algonquin. Ku University of Toronto, kumene anamaliza mu 1954, anaphunzira jogalafe. Choncho pamene dzina lake linkayamba kumveka, munthuyu anali atadziwa kale miyala, mitengo, nyengo ndi mbalame za kwawo monga mmene mlimi amadziwira munda wake.

Kabuku kanu kasakhale kodula. Kakhale kakang'ono kokwana m'thumba, kachikuto cholimba kuti muzitha kulembapo muli chiimire, ndiponso ka mapepala opanda mizere. Ngati simukapeza, pindani mapepala oyera n'kuwasoka ndi ulusi pakati. Pensulo imodzi yofewa, ya 2B kapena 4B, ndi yokwanira, ndi kalezala kosongolera. Labala musiyeni kunyumba. Munthu amene ali ndi labala m'manja amatha nthawi akufufuta, pamene akweza mutu n'kupeza mbalame yapita kalekale. Mzere wolakwika ausiye pomwepo, ajambule wolondola pambali pake.

Musathamangire nkhwazi kapena kambuku tsiku loyamba. Yambani ndi zimene sizithawa: galu wogona pakhonde, mbuzi ikubzikula, nkhuku ikupalasa, nkhunda padenga. Mukazolowera, tulukani m'mamawa dzuwa lisanakwere kapena chakumadzulo, nthawi imene mbalame zimakhala zili pantchito yofuna chakudya. Valani zosawala, khalani pansi dzuwa lili kumsana kwanu, ndipo mukakhala mwakhala. Poyamba zonse zimathawa n'kuti zii. Pakapita kanthawi zimabwerera, zikaona kuti chitsa chija sichikuyenda. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono mbalame siiima kudikira wojambula. Mumakhala ndi masekondi ochepa, ndiye musayambire diso kapena nthenga. Yambani ndi thupi lonse, lomwe pa mbalame zambiri limafanana ndi dzira. Ikani mutu pamene uli, kokani mzere wa msana mpaka kumchira, kenako onani pamene miyendo yachokera ndi mmene yapendekera. Ikatembenuka, musalimbane ndi chithunzi choyambacho. Yambani china pambali. Pa tsamba limodzi pakhale tizithunzi tisanu kapena kuposa, tonse tosamaliza. Nyama iliyonse ili ndi kaimidwe kake kamene imabwererako kawirikawiri, ndipo ikabwerera, inunso bwererani pa kachithunzi kaja muwonjezere mizere iwiri itatu. Masamba oterewa saoneka bwino, ndipo sanapangidwire kuonetsa alendo. Ntchito yake ndi kuphunzitsa dzanja kutsatira diso.

Pa tsamba lililonse lembani tsiku, malo, nthawi, mmene kunja kunalili, mbali imene dzuwa linali, ndi mtengo kapena udzu umene nyamayo inakhalapo. Mitundu ilembeni ndi mawu, kuti apa pofiirira, apa potuwa, apa pakuda monyezimira. Ambiri amanyozera kulemba zimenezi poganiza kuti adzakumbukira. Pakatha miyezi itatu sakumbukira chilichonse.

Mukapeza mbalame yakufa panjira, imeneyo ndi sukulu yaulere: tambasulani phiko muone mmene nthenga zasanjikizirana, jambulani zala ndi mlomo, mukatha musambe m'manja ndi sopo. Koma ngati m'deralo nkhuku kapena mbalame zikufa ndi matenda, musaigwire n'komwe. Chisa chamazira musachiyandikire, chifukwa make akhoza kuchisiya. Ndipo kumalo osungirako nyama, zimene wanena woyang'anira nkhalango n'zomwezo. Palibe chithunzi choyenera kuferapo.

Mu 1957 Bateman ndi mnzake Bristol Foster, katswiri wa zamoyo, ananyamuka pa galimoto ya Land Rover ulendo wa miyezi 14, kudutsa mu Africa, India, kum'mwera chakum'mawa kwa Asia mpaka ku Australia, iye akujambula njira yonse. Pambuyo pake anakaphunzitsa zaka ziwiri ku Nigeria, kuyambira 1963 mpaka 1965, ndipo nyama za mu Africa zinakhala mbali yaikulu ya ntchito yake. Wina akamva zimenezi amati, "Ndiye ife opanda galimoto titani?" Muiwale za galimotoyo. Paulendowo anatenga dzanja limene linali litaphunzira kale m'chigwa chakuseri kwa nyumba. Dambo limodzi limene mumalipitako sabata iliyonse, dzinja ndi chilimwe chomwe, lidzakuphunzitsani zambiri kuposa ulendo wothamanga wa maiko khumi.

Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Pa zithunzi za Bateman, malo amene nyama ili ndi olondola ngati nyamayo. Tengani mbalame ya m'nyanja za ku Canada yotchedwa loon, yomwe ilinso pa ndalama yawo yachitsulo ya dola imodzi. Miyendo yake inamera kumbuyo kwenikweni kwa thupi, moti m'madzi imamira mwaukatswiri koma pamtunda imachita kukwawa, n'chifukwa chake imamanga chisa m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Wojambula amene angaiimike chilili pakati pa udzu ngati bakha, anthu akumeneko angamuseke. Bateman anajambula banja la mbalame zimenezi pa chithunzi chimene Canada inapereka ngati mphatso pa ukwati wa Prince Charles mu 1981. Inunso musaike mbalame ya padambo pa nthambi ya mtengo wa m'phiri, kapena kujambula udzu wobiriwira pansi pa mtengo umene uli ndi maluwa a m'chilimwe. Mlenje kapena m'busa wa ng'ombe akaona adzadziwa nthawi yomweyo kuti wojambulayu sanapondeko. Ndiye mbalame zikasowa tsiku lina, musatseke kabuku. Jambulani khungwa la mtengo, mwala wa ndere, udzu wogwa ndi mphepo, mapazi a nyama pamatope.

Za kakonzedwe ka chithunzi ndikhalapo pang'ono, chifukwa mbiri ya mkuluyu ili ndi kanthu kodabwitsa. Sanayambe ndi zithunzi zooneka ngati zenizeni zimene tikumudziwa nazo lero. Ali wachinyamata anatengeka ndi ojambula malo a ku Canada otchedwa Group of Seven, kenako analowa m'kajambulidwe kosaonetsa chinthu chodziwika, kongosewera ndi mizere, mabala ndi mitundu. Anabwerera ku zooneka zenizeni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ataona chionetsero cha wojambula wa ku America Andrew Wyeth mumzinda wa Buffalo. Koma zaka zoyesayesa zija sizinapite pachabe. Zinamusiyira diso loona chithunzi ngati zigawo zikuluzikulu za kuwala ndi mdima, asanaganize za ubweya kapena nthenga.

Inu mungaphunzire zomwezo popanda kuzungulira zaka zonsezo. Musanagwire thabwa lojambulapo, jambulani timabokosi tating'ono ngati bokosi la machesi, tinayi kapena tisanu, ndipo m'kabokosi kalikonse yesani kuika nyama pamalo ena, pogwiritsa ntchito poyera, potuwa ndi pakuda basi. Tsinzinani pang'ono muyang'ane. Kabokosi kamene kakukopa maso kali kakang'ono choncho ndi kamene kadzakope kakadzakula. Ndipo lekani chizolowezi choimika nyama pakatikati, yonse poyera, ngati chithunzi cha pachiphaso. Kuthengo sitiziona choncho. Timaona khutu kuseri kwa udzu, msana mumthunzi, maso awiri pakati pa mitengo. Bateman kawirikawiri amakankhira nyama chakumbali kapena kuibisa pang'ono, kuti woona achite kuipeza yekha. Pa chithunzi chake cha mmbulu wakuda usiku, nyamayo imachita kutuluka mumdima wa nkhalango pang'onopang'ono munthu akamayang'anitsitsa.

Nanga kamera? Bateman nayenso amagwiritsa ntchito zithunzi za kamera, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Foni yanu ikuthandizani kusunga mawanga a nthenga amene diso silinathe kuwerenga. Cholakwika n'kutenga chithunzi chimodzi cha munthu wina pa intaneti n'kuchikopera chonse. Choyamba, chili ndi mwini wake. Chachiwiri, mudzakopera ndi zolakwa za kamera zomwe, monga mwendo wobisika umene simukudziwa kumene wathera. Chida china chimene iye amagwiritsa ntchito, chomwe aliyense angachipeze, ndi kuumba. Umbani kanyama kakang'ono ndi dongo, kaimike mmene mukufunira, mukaunikire ndi tochi kuchokera mbali imene mwaika dzuwa. Mudzaona nokha pamene mthunzi ukugwa pansi pa khosi ndi pamimba, m'malo mongolota.

Penti amene Bateman amadziwika naye kwambiri ndi wa acrylic, wosungunula ndi madzi, ndipo zambiri anazijambula pa thabwa losalala. Thabwa la hardboard limachita bwino. Likwecheni pang'ono ndi sandipepa, lipakeni penti woyera woyambira wotchedwa gesso kawiri kapena katatu, kudikira kuti aume nthawi iliyonse, ndipo pakaninso kuseri kuti lisapindike. Yambani ndi burashi yaikulu ndi penti wosungunuka, kuika zigawo za mdima ndi kuwala zija. Zing'onozing'ono zibwere pomaliza, ndipo osati paliponse. Mukajambula tsitsi lililonse ndi tsamba lililonse mofanana, diso la woona limasowa pokhala. Acrylic amauma m'mphindi zochepa, makamaka kukatentha, choncho finyani pang'onopang'ono, ndipo ikani kansalu konyowa pansi pa pepala losakanizirapo. Dziwaninso kuti akauma amadera pang'ono kusiyana ndi mmene anaonekera ali wamuwisi. Burashi isagone ndi penti. Ikauma naye, yatha.

Funso limene limabwera nthawi zonse ndi la ntchito: kodi ndisiye zimene ndikuchita kuti ndizingojambula? Bateman anakhala mphunzitsi wa sekondale zaka pafupifupi 20, nthawi yambiri ku Burlington ku Ontario, akuphunzitsa luso ndi jogalafe, n'kumajambula akaweruka ndi patchuthi. Anasiya choko mu 1976, ali ndi zaka 46, zithunzi zake zitayamba kale kugulidwa. Chionetsero chake chachikulu ku Smithsonian, malo otchuka oonetserako zinthu zakale ndi zachilengedwe mumzinda wa Washington ku America, chinachitika mu 1987, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1980 anasamukira pa chilumba cha Salt Spring ku British Columbia. Ine ndimati malipiro a mwezi ndi amene amamupatsa wojambula ufulu wojambula zimene akufuna. Wanjala amajambula zimene wogula wa lero akufuna, mothamanga, ndipo kabuku kaja kamachita fumbi.

Chotsala ndi nkhani ya makope. Kuchokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, zithunzi zake zinayamba kusindikizidwa ndi kampani ya Mill Pond Press, m'chiwerengero choikika, kope lililonse lili ndi nambala ndi siginecha yake. Zimenezi zinafikitsa ntchito yake kwa anthu wamba, ndipo zinathandiza kupeza ndalama zambiri zotetezera chilengedwe. Koma zinamubweretseranso mawu. Ena m'dziko la zaluso ku Canada anadandaula kuti makope osindikiza ndi makina ankagulitsidwa pamtengo wokwera ngati kuti ndi ntchito ya manja. Mkanganowo ndi wawo, koma inu mukadzafika posindikiza, muuzeni wogula poyera kuti ili ndi kope la makina, osati chithunzi chenichenicho. Mukanena kuti makope ndi 50, akhale 50, mulembe 1/50, 2/50 mpaka kumapeto, ndipo musadzasindikizenso ena mwakabisira zikayamba kuyenda malonda. Pangano ndi wosindikiza likhale lolemba, lonena kuti mwini chithunzi ndinu. M'buku lapadera lembani nambala ya kope lililonse, tsiku limene latuluka ndi mtengo wake, ndipo chithunzi chenichenicho muchijambule ndi kamera pamalo owala bwino chisanachoke m'nyumba.