Pasiwedi ya laputopu yakale: yambirani pa kabatire

Achimwene, mwati laputopu imene anakusiyirani amalume a ku Katete ikufuna pasiwedi mukangoyatsa, Windows isanatseguke. Kawirikawiri imeneyo ndi ya BIOS, kapulogalamu kamene kamadzutsa makinawo, ndipo pa makina ambiri akale chimaisunga ndi kabatire kooneka ngati kakobidi.

Zimitsani, zulani chaja, chotsani batire lalikulu. Masulani chivundikiro cha pansi. Mukapanda kukaona pamenepo, kali pansi pa kiyibodi, kokutidwa ndi pulasitiki, ndi tiwaya tiwiri. Kawirikawiri ndi CR2032, ka mavolti 3. Kazuleni mwaulemu, tiwayato sitichedwa kuduka. Dinani batani loyatsira masekondi 30, dikirani mphindi 15, kenaka bwezerani zonse. Ikayaka, konzani deti ndi nthawi.

Koma ngati laputopuyo ili ya mtundu wa ThinkPad, musathamange. Pasiwedi yake ya supervisor, yotsekera zosintha za mu BIOS, imakhala m'kachipu kena ndipo siichoka ndi njira iyi. Mukazula kabatire, deti imasokonekera, laputopu n'kuyamba kufuna pasiwedi yomweyo kuti muikonze. Imeneyo ipititseni kwa okonza makompyuta m'tauni ya Chipata.

Pasiwedi ikakhala ya hard disk, disiki yosungira mafayilo, ili m'disikimo, kabatire sikaichotsa. Kusintha disiki ndiye chidule.