Momwe mungachezere malo otetezera nyama zakutchire ku America chisanu chikatha

Ku United States kuli malo oposa 560 amene boma linawapatula kuti akhale kwawo kwa nyama zakutchire, ndipo chigawo chilichonse mwa zigawo 50 za dzikolo chili ndi malo otere. Amawatcha National Wildlife Refuge, ndipo amene amawayang'anira ndi a U.S. Fish and Wildlife Service. Mudzawazindikira ndi chikwangwani cha tsekwe wabuluu ali mkati mouluka. Nyengo yabwino yowachezera ndi ya spring, kuyambira Malichi mpaka Meyi, pamene chipale chasungunuka, madambo adzaza madzi, ndipo mbalame zosamukasamuka zikubwerera kumpoto kukaikira mazira. Koma nyengo yomweyi ndi imenenso mlendo wosasamala amawononga kwambiri, nthawi zambiri iye osadziwa n'komwe.

Choyamba: dziwani kuti eni malo ndi nyama

Malo oyamba a mtunduwu ndi Pelican Island, kachilumba ka ku Florida kamene Pulezidenti Theodore Roosevelt anakateteza pa 14 Malichi 1903. Masiku amenewo alenje ankapha akakowa ndi mbalame zina zam'madzi mwaunyinji pofuna nthenga zokongoletsera zipewa za amayi. Mlonda woyamba wa pachilumbapo, Paul Kroegel, boma linkamulipira dola imodzi pamwezi. Malowa sanayambe ngati malo osangalalirako anthu, ndipo lamulo la mu 1997 lokhudza kayendetsedwe kake linatsindika zomwezo: kusamalira nyama ndiye ntchito yoyamba. Kuona nyama, kujambula zithunzi, kuphunzira, kuwedza ndi kusaka zimaloledwa pokhapokha ngati sizikusokoneza ntchito imeneyo. Mukaimvetsa mfundoyi, geti lotseka silidzakupsetsani mtima.

Chachiwiri: sankhani malo potsatira ulendo wa mbalame

Anthu ambiri amayamba asankha tsiku limene ali ndi mpata, kenako n'kufunafuna kopita. Inu yambani ndi funso lakuti mukufuna kuona chiyani, chifukwa mbalame zili ndi nthawi yawoyawo ndipo sizidikira munthu. Zimadutsa m'njira zikuluzikulu zinayi, ya Atlantic, ya Mississippi, ya Central ndi ya Pacific, ndipo kum'mwera zimayamba kunyamuka msanga.

Ku Aransas ku Texas, mbalame zoyera za miyendo italiitali zotchedwa whooping crane zimanyamuka pakati pa Malichi ndi Epulo, ulendo wa makilomita pafupifupi 4,000 wopita ku Wood Buffalo ku Canada. Mu 1941 gulu limeneli linali litatsala ndi mbalame zosakwana 20, lero zilipo zoposa 500. Mukafika kumapeto kwa Epulo mudzapeza zambiri zitapita. Ku Loess Bluffs ku Missouri, atsekwe oyera amadzaza dambo kumapeto kwa Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi. Ku Monte Vista ku Colorado, mwezi wa Malichi ndi wa mbalame za sandhill crane. Ku Ottawa ku Ohio, m'mphepete mwa nyanja ya Erie, timbalame ta mitundu yowala totchedwa warbler timaunjikana m'mitengo kumayambiriro kwa Meyi, tikupuma tisanaoloke nyanjayo.

Kwa ine, palibe choposa zimene zimachitika ku Delaware Bay m'mwezi wa Meyi, kufupi ndi malo a Prime Hook, Bombay Hook ndi Cape May. Zamoyo zam'nyanja za chigoba cholimba zotchedwa horseshoe crab zimatuluka kudzaikira mazira mumchenga, makamaka madzi akakwera kwambiri, mwezi ukakhala wathunthu kapena watsopano. Nthawi yomweyo kumafika mbalame za red knot, zina zochokera ku Tierra del Fuego, kunsonga kwenikweni kwa South America. Zimafika zitaonda, ndipo zimakhala ndi milungu ngati iwiri yokha yoti zidye timazira tobiriwirato mpaka thupi litawirikiza, kuti zikafike ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Munthu mmodzi woyenda ndi galu akaziulutsa kangapo patsiku, waziwonongera mafuta a ulendo wawo.

Chachitatu: funsani musananyamuke

Malo alionse ali ndi tsamba lake pa intaneti komanso nambala ya foni ya kuofesi. Funsani ngati msewu woyendamo ndi galimoto uli wotsegula, poti madzi osefukira a nyengoyi amatseka misewu yambiri yafumbi. Funsaninso za malo otsekedwa, za moto, ndi ngati agalu amaloledwa. Malo ambiri amatsegula dzuwa likatuluka n'kutseka likalowa, ndipo ambiri salipiritsa. Kumene amalipiritsa, chitupa cha Federal Duck Stamp, chimene alenje a abakha amayenera kugula, chimakulowetsani. Chinayamba mu 1934 pamtengo wa dola imodzi, lero ndi madola 25, chimagwira ntchito kuyambira 1 Julayi mpaka 30 Juni, ndipo masenti 98 pa dola iliyonse amapita kokagula ndi kuteteza madambo. Ngakhale simusaka abakha, chiguleni.

Chachinayi: valani moganizira matope ndi nkhupakupa

Tengani nsapato zosalowa madzi, juzi yoti mutha kuvula dzuwa likakwera, madzi akumwa ndi magalasi oonera patali. Nkhupakupa za kumeneko zimafalitsa matenda a Lyme, ndipo zing'onozing'ono za kumapeto kwa nyengoyi zimangokhala ngati kadontho ka inki. Valani zovala zowala kuti nkhupakupazo ziziwoneka, pisirani buluku m'masokosi, ndipo mukafika kunyumba dziyang'aneni thupi lonse. Mukaipeza italuma, igwireni ndi kopanira pafupi ndi khungu n'kuikoka pang'onopang'ono osapotokola.

Chachisanu: lawirirani, ndipo dekhani

Maola awiri oyamba dzuwa litatuluka amaposa tsiku lonse lotsalalo. Ngati pali msewu wozungulira dambo, monga wa makilomita 19 wa ku Bear River ku Utah, khalani m'galimoto. Mbalame zinazolowera galimoto, koma munthu akangotsegula chitseko n'kuimirira, dambo lonse limangoti pululu. Zimitsani injini, tsitsani galasi, khalani duu kwa mphindi 20. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bango limene limaoneka ngati lopanda kanthu limayamba kugwedezeka, kenako mumaona mutu, kenako mbalame yonse.

Nyama ikasiya kudya n'kutukula mutu kukuyang'anani, mwayandikira mopitirira. Bwererani. Musaimbe kulira kwa mbalame pafoni pofuna kuzikopa, chifukwa yaimuna imasiya ntchito yake n'kumathamangitsa mdani amene kulibe, ndipo malo ambiri amaletsa zimenezi. Ma drone ndi oletsedwa. Nthenga, chisa kapena dzira zimene mwapeza pansi zisiyeni pomwepo, lamulo la mu 1918 loteteza mbalame zosamukasamuka limaletsa kuzitenga. Kamwana ka gwape kamene mwakapeza katagona kokha m'udzu m'mwezi wa Meyi si kamasiye. Mayi ake amakasiya dala kuti asakokere zilombo pamene kali, ndipo amabwera kudzakayamwitsa. Mukakanyamula chifukwa cha chifundo, mwakalanda mayi.

Chachisanu ndi chimodzi: lemekezani chingwe ndi chikwangwani

Pano ndi pamene anthu abwinobwino amalakwa. Ku Parker River ku Massachusetts, gombe lalikulu la malowo limatsekedwa kuyambira 1 Epulo chifukwa cha kambalame kotchedwa piping plover, kamene kanalowa m'gulu la zotetezedwa mwapadera mu 1986. Munthu amayang'ana gombe lotsekedwalo n'kuona mchenga wokhawokha, ndiye amaganiza kuti kudutsa kamodzi sikungalakwitse kanthu.

Tsiku lina, pagombe lina lotsekedwa, mayi wina wongodzipereka anandiitana kuti ndisuzumire m'galasi lake loonera patali. Ndinayang'ana kwa nthawi osaona kanthu. Iwo anati, "Yang'ananitu pafupi ndi kachigoba koyerako, bambo." Pamenepo ndinaona: kadzenje kosaya ngati pamene munthu waponda ndi chidendene, muli mazira anayi a mawangamawanga ofanana ndendende ndi timiyala tozungulira. Chisa chonse n'chomwecho. Ndikanakhala ndikuyenda pamenepo, ndikanaponda osamva kanthu kuphazi. Makolo amafungatira mazirawo pafupifupi milungu inayi, ndipo ana akaswa amayamba kudzifunira okha chakudya tsiku lomwelo, ali tating'ono ngati mpira wa thonje. Akaopsezedwa amangoti phee pamchenga, nthawi zina m'kanjira kamene tayala la galimoto lasiya. Amatenganso pafupifupi mwezi kuti ayambe kuuluka. N'chifukwa chake chingwecho chimakhalapo mpaka chilimwe chitafika pakati.

Chachisanu ndi chiwiri: mvetsani ntchito ya osamalira malo

Alendo ena amadandaula akapeza dziwe limene analiona lodzaza chaka chatha lasanduka matope, kapena tchire lonse lili lupsa. Zonsezo ndi ntchito yochita kukonza, ndipo aliyense wosamalira dambo kapena thengo lake angaphunzirepo.

Madzi ndiwo chida chachikulu. Maiwe ambiri a m'malowa ndi ochita kutchinga ndi mizere ya dothi, ndipo potulukira madzi pamakhala matabwa osanjikizana. Wosamalira akachotsa thabwa limodzi, madzi amatsika pang'ono. Luso lake lagona pa kusafulumira. Akatsitsa pang'onopang'ono m'milungu imene mbalame za m'gombe zikudutsa, tsiku lililonse pamaoneka matope atsopano odzaza nyongolotsi ndi tizilombo. Timbalame ta miyendo yaifupi timadya pamatopepo, ta miyendo yaitali timalowa m'madzi ofika m'mawondo mwake, abakha odya chozondoka amatsalira pamene madzi sanapitirire masentimita 30. Akatsegula onse nthawi imodzi, matope amauma n'kung'aluka m'masiku ochepa ndipo phwando limathera pomwepo. Matope aja akafunda, mbewu za udzu wakuthengo zimamera, ndipo dziwelo amadzalidzazanso chisanu chikamayandikira kuti abakha obwerera kum'mwera apeze chakudya.

Moto nawo uli ndi nthawi yake. M'madera a udzu, akapanda kutentha kwa zaka zingapo, timitengo timalowerera n'kulanda malo a mbalame zoikira pansi. Choncho akatswiri amalambula kaye njira zotchinga moto, amayeza mphepo ndi chinyezi, n'kutentha chigawo chimodzi chokha, kawirikawiri mbalame zambiri zisanayambe kumanga zisa. Zigawo zina amazisiya kuti nyama ndi tizilombo zipeze kothawira, n'kudzazitentha zaka zotsatira. Dothi lakuda la palupsa limafunda msanga, ndipo pakangotha milungu iwiri kapena itatu msipu umakhala utaphuka.

Palinso nkhondo yolimbana ndi zomera zachilendo monga bango la phragmites ndi chitsamba cha garlic mustard, chimene amachizula ndi manja chisanabereke njere. M'magombe, ogwira ntchito ophunzitsidwa amazinga zisa za piping plover ndi waya wa mabowo oti kambalameko kazitha kudutsa, koma nkhandwe ndi akhwangwala ayi.

Chachisanu ndi chitatu: perekani dzanja

Malo ambiri ali ndi antchito ochepa poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo amadalira anthu ongodzipereka komanso magulu a abwenzi a malowo, otchedwa Friends. Lembetsani mu Januwale kapena Febuluwale, chifukwa maphunziro a olondera zisa amachitika mbalame zisanafike. Ntchito zake ndi kuima pachingwe n'kumafotokozera alendo, kuzula zomera zachilendo, kukonza njira zimene madzi anakokolola, ndi kuwerenga mbalame. Ngati mpata mulibe, nenani kuofesi mukaona chingwe chaduka kapena nyama yavulala, osaigwira nokha. Ndipo musanakwere galimoto kubwerera, palani matope ndi njere zimene zamatirira ku nsapato zanu, kuti musakazifese kudambo lotsatira.